Gitala Imene a Telala Anandisiyira

9 Malichi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi onse pakhomopo. Bondo lija likukuvutanibe mukamakwera masitepe? Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugona, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuposa mmene ndinkachitira mwezi watha.

Musadabwe ndi malembawa. Ndikudziwa kuti mukangotsegula envelopu munena kuti nkhuku yaponda inki n'kuyenda papepala. Ndalemba ndine ndemwe, koma ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili m'chikhakha. Panachitika kangozi kuntchito. Pa foni sindinafune kukuuzani, chifukwa mawu a pa foni amathamanga, munthu umayamba kulira usanamve mapeto a nkhani. Mapeto ake ndi akuti zala zonse zilipo.

Ndikufotokozereni pang'ono. Makina odulira mapepala amene ndimagwirapo ku fakitale yomanga mabuku ija ali ndi zinthu ziwiri: chitsulo chopanira mapepala kuti asasunthe, ndi mpeni umene umatsika pambuyo pake. Chimene chinandigwira ndi chopaniracho. Mpeni sunatsike. Mukamapemphera muzithokoza pa mawu awiri amenewo.

Ndalama za mwezi uno ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Muyambe mwalipira fizi ya mwana wathu, Namwino wathu wa mawa, popeza chino ndi chaka chake chomaliza. Zotsalazo muitanire mmisiri adzaone denga la kuchipinda chake. Asakunamizeni kuti pakufunika malata atsopano. Ndi misomali chabe imene yadzutsa mitu.

Nayi nkhani yoti musekeko. A Telala a m'chipinda choyandikana ndi changa, aja ndinakuuzani kuti amasoka akuimba, akubwerera kwawo chifukwa maso atopa. Katundu wawachulukira. Dzulo anangolowa ndi gitala yawo yakale n'kuikoleka pamsomali wanga wa jekete. Ndinati, "Akuluakulu, mwaliona dzanja langali? Mukupereka chipeso kwa munthu wadazi."

Iwo anati, "Aphunzitsi, dazi lanulo ndi la kanthawi. Gitala sithawa." Kuno amanditchabe Aphunzitsi, ngakhale choko ndinachisiya kalekale.

Moti panopa jekete yanga ikugona pampando.

Ndine wanu,
Bambo a ana anu


14 Epulo

Mayi a ana anga,

Kalata yanu ndalandira kwa adalaivala a basi, ndipo ndaiwerenga choimirira ngati mwana wolakwa. Ndakondwa kuti bondo lachitako bwino ndiponso kuti denga lasiya kudontha. Mwandikalipira moyenera. N'zoona, kangozi sikaika munthu m'chikhakha. Mwafunsanso funso limene ndinalizemba, lakuti ntchito ili pati. Ndiyankha mosabisa, chifukwa ndaona kuti chidziwireni inu za dzanjali mtima wanga wapepuka.

Chikhakha anachotsa. Zala zitatu, chamkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake, zinathyoka. Mafupa alumikizana, koma zalazo zauma ngati zikhomo, sizipinda. Kuntchito andipatsa tsache ndi ntchito yomata timapepala pamakatoni. Kumapeto kwa Ogasiti dokotala wa kampani adzandiyeza. Dzanja likadzagwira, ndibwerera pamakina anga. Likadzakanika, kontirakiti yathera pomwepo, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chimayenda ndi kontirakitiyo ngati mbuzi ndi chingwe chake. Ndiye kuti ndidzabwera kunyumba mwana asanamalize sukulu. Musamuuze, ali ndi mayeso.

Lachiwiri lililonse ndimapita kuchipatala kwa mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa ziwalo zovulala kugwiranso ntchito. Ndi mayi wamfupi, wamawu ngati belu la kusukulu. Anandipatsa kampira koti ndizifinya m'mawa, masana ndi madzulo. Ndimayesa ndithu. Koma mpira suyankha, suthokoza. Ukaufinya pang'ono, maganizo afika kale ku Ogasiti.

A Telala ananyamuka. Tsiku lawo lomaliza anandikhazika pabedi n'kundiika gitala pamwendo monga amaigwirira iwo, khosi lake litaloza kumanja kwanga. Dzanja limodzi limakanda nsambo pamimba pa gitala, linalo limadinikiza nsambozo pakhosi, pakati pa timizere tachitsulo. Kaikidwe kalikonse ka zala kamatulutsa mawu akeake, ndipo oimba amakatcha kiyi. Anandijambulira makiyi atatu pachidutswa cha katoni, n'kunena kuti, "Atatu amenewa amakwanira nyimbo zonse za pansi pano: zachikondi, zamaliro ndi zodandaula abwana."

Tsoka lake, dzanja lodinikizalo ndi lamanja, lovulalalo. Amene anapanga gitala analibe chisoni. Kiyi woyamba amafuna zala zitatu, zomwe zija. Ndimachita kuzinyamula ndi dzanja linalo n'kuziika m'malo mwake chimodzichimodzi, ngati ana oyamba kumene sukulu pamzere. Mawu amene amatuluka ndi a chitseko chosowa mafuta. Koma ndikadzutsa mutu ndimapeza tiyi wazizira, ndipo za Ogasiti sindinaziganizeko.

Mayi wa mafizo sindinawauze. Ndikuopa angandilande.

Wanu yemwe uja,
Bambo a ana anu


25 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni wa kuno ndi umenewu. Ndamva kuti chimfine chinakugwetsani sabata yathayi, ndikhulupirira mwadzuka. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo dzanja limadziwa za nyengo wailesi isananene.

Za alamu anga amene akufuna njinga yanga, abwerekeni, koma muwauze kuti buleki yakumbuyo imagwira mochedwa. Ndiponso mbeu zija musagule kwa munthu wa pakona uja, chaka chatha zinamera theka.

Mwafunsa ngati sindikuchita manyazi kuyamba gitala imvi zili mbuu. Manyazi alipo. Ndazindikira kusiyana kwa mwana ndi wamkulu pophunzira: mwana akalakwitsa amaseka, wamkulu akalakwitsa amayang'ana kukhomo ngati wina wamuona. Zaka zonse zija ndinkauza ana kuti, "Bwerezanso, mwanawe," ngati mawu opepuka. Tsopano ndalawa kulemera kwake.

Masabata oyamba nsonga za zala zinatuluka matuza. Kenako matuzawo anaphwa, khungu n'kuuma ngati chikopa cha nsapato, ndipo ululu unachepa. Chovuta chenicheni si kugwira kiyi ayi, koma kuchoka pa kiyi wina kupita pa wina nyimbo isanakusiye. Zala zimanyamuka ngati banja losamuka, china chatsogola, china chikufunabe nsapato.

Mayi eninyumba anagogoda tsiku lina n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mphaka amene mukumupha m'chipindamo wakulakwirani chiyani?" Ndinapepesa. Koma dzana tinakumana pampopi, iwo n'kunena kuti, "Mphaka uja ayamba kuchira eti?" Ndinayenda tsiku lonse ngati ndapatsidwa mendulo.

Nyimbo imene ndikulimbana nayo mukuidziwa. Ndi ija mumaimba chapansipansi mukamasita zovala, yopanda mawu ija. Ndinaifufuza pansambo mpaka ndinapeza kuti imakwana m'makiyi atatu a a Telala. Panopa imayenda ngati ngolo pamsewu wa maenje, koma ndi yomweyo.

Tsopano imvani ichi. Lamlungu lapitali ndikuvala, ndinangozindikira kuti batani la pakolala lamangika, ndipo lamanga ndi dzanja lamanja. Ndinalimasula n'kulimanganso kuti nditsimikize. Lachiwiri mayi wa mafizo atayeza mmene zala zikupindira anaomba m'manja nati, "Mwaona? Mpira sunama!" Ine ndinangoti zikomo. Mpirawo uli kunsi kwa bedi, ndipo sindikumbukira tsiku limene unagwerako.

Pamakina anga aikapo munthu wina. Ndi waulemu, amandipatsa moni. A kapitawo akamadutsa amayang'ana tsache, osati ine. Zinazo tidzakamba.

Ndine wanu,
Bambo a ana anu


22 Juni

Mayi a ana anga,

Ndili bwino, kaya inu kumeneko? Mundiperekere mafuno abwino kwa Namwino wathu pamayeso ake. Ndalama ndatumiza, mugulireko bulangete lina nyengo ino.

Konzekani kuseka mwamuna wanu. Nsambo imodzi inaduka, ndiye Loweruka ndinatsika ndi gitala kushopu ya a Wometa, pansi pa nyumba yathu ino. Iwo amaimba gitala m'gulu lina kumapeto kwa sabata, choncho ndinafuna andiuze kogula nsambo. M'shopumo munali anthu odzaza.

"Tatiimbireniko kaye, Aphunzitsi," anatero a Wometa. "Zisanu zatsalazo zikwanira."

Ndinakhala pabenchi n'kuika gitala pamwendo. Ndisanakande n'komwe, makina ometera anazima. A Wometa anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamira mpando. Bambo amene ankametedwa naye anayamba kuseka, mutu uli theka.

"Aphunzitsi, mumalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanja, likakhala bwino."

"Nanga njingayi mwaikwera bwanji chafutambuyo?"

Nkhani yake ndi iyi. Munthu wamanja amadinikiza nsambo ndi dzanja lamanzere, n'kumakanda ndi lamanja. A Telala anali amanzere, ndipo anatembenuza nsambo zonse kuti ziwayenere iwo. Pomwepo ndinakumbukira dzanja limene ankagwirira sizasi. Mudzafunsa kuti, kodi simunaonepo anthu akuimba gitala? Ndinawaona kambirimbiri. Koma ukayang'anizana ndi woimba zimakhala ngati pagalasi: khosi la gitala limaoneka kumanja kwako pamene kwa iye lili kumanzere. Ndiye a Telala atandiika khosi kumanja, maso anga anavomereza.

"Miyezi yonseyi mwakhala mukulima munda wa eni," anatero a Wometa akupukuta misozi. Koma ndi munthu wabwino. Atatseka shopu anamasula nsambo zonse n'kuzibwezera mmene zimakhalira kwa anthu onse, anaikapo yatsopano, anaichuna, ndipo anakana kulandira kanthu.

Ndayambiranso pachiyambi. Manyazi anandigwira, koma kunena zoona ndapumula. Dzanja lamanzere ndi lathanzi, likuphunzira msanga, ndipo mawu akutuluka oyera kuposa kale. Lamanja likungogwira kapulasitiki kokandira nsambo, basi. Kwa nthawi yoyamba chichokereni m'chikhakha, ndikuimba popanda ululu.

Wanu,
Bambo a ana anu


30 Julayi

Mayi a ana anga,

Pepani chifukwa cha chete wanga, ndiponso chifukwa cha mayankho aafupi a pa foni. Munamva bwino, mawu anga sanali bwino. Thupi lili bwino. Ndathokoza kumva kuti mwana wathu wakhoza mayeso a teremu ino.

Choyamba: firiji musagulitse. Ndikudziwa kuti mwaganiza zimenezi pokonzekera zoipa, ndipo ndakuonani chikondi chanu. Koma zakumwa zozizira zimene mumagulitsazo ndi mwendo wachiwiri wa banja lathu. Munthu sadula mwendo wabwino chifukwa winawo ukutsimphina.

Chimene chinachitika ndi ichi. Chakumayambiriro kwa mwezi uno batani lija linayambanso kundikana. Kenako supuni inandipulumuka. Zala zinayamba kubwerera kuuma kwake, ine osadziwa chifukwa. Ndinaleka kulemba poopa kuti mungaone mantha anga pakati pa mizere.

Mayi wa mafizo anayeza kawiri, nkhope itagwa. Kenako anavula magalasi.

"Bambo, mwasiya chiyani?"

"Sindinasiye kanthu, mayi."

"Mpira mukufinya?"

"Mpira uli bwino."

"Sindinafunse za moyo wa mpira."

Ndinaulula zonse: a Telala, kunsi kwa bedi, a Wometa ndi kuseka kwawo. Ndinkadikira kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Lachiwiri mubwere nayo."

Ndinakwera nayo minibasi, anthu akundifunsa kumene kuli dansi. Kuchipatala anandiuza kuti ndigwire monga andikonzera a Wometa, kenako monga anandiphunzitsira a Telala. Pa kagwiridwe kachiwirika anagwada pansi n'kumayang'anitsitsa zala zanga ngati munthu woona anapiye akuswa. Anandifotokozera motere, ndipo monga mphunzitsi ndinasirira kafotokozedwe kake. Pofinya mpira zala zonse zimatsekera limodzi, ndiye zamphamvu zimabisa zaulesi, monga ana oyankha pagulu m'kalasi. Koma pansambo chala chilichonse chimayenera kupinda pachokha, kuima pansonga yake, ndipo chikachita chinyengo mawu amachinenera pompo. Mpira uli ndi ntchito yake yopatsa mphamvu, ndipo andilamula kuti ndiutulutse kunsi kwa bedi. Koma chimene chinkadzutsa zala zanga chinali kulakwitsa kuja.

"Ndiye wometa wanuyo anakonza gitala n'kuwononga wodwala wanga," anatero.

Ndinati, "Ankandifunira zabwino, mayi."

"Onse amene amandiwonongera odwala amawafunira zabwino. Pitani akaitembenuzenso, lero lomwe."

A Wometa anagwira m'chiuno. "Chibadwire sindinamvepo chipatala chikulamula munthu kuimba molakwika." Anamasula nsambo akung'ung'udza, anazibwezera mwa a Telala, n'kundipatsa gitalayo ndi chenjezo: "Mukadzatchuka, musadzanene kuti munadutsa m'manja mwanga."

Matuza abwerera, ululu wabwerera, ndipo sindinakondwerepo ndi ululu chonchi. Ndataya nthawi, ndipo watsala ndi mwezi umodzi. Sindikulonjeza kanthu. Koma kuopa chinthu chimene ukuchidziwa n'kopepuka kusiyana ndi kuopa mdima.

Mwati Namwino wathu anatulukira yekha poona malemba anga pa envelopu. Ndinaiwala kuti tikuphunzitsa munthu woona zimene odwala amabisa. Muuzeni kuti bambo ake akumvera malangizo tsopano.

Ndine wanu,
Bambo a ana anu


6 Seputembala

Mayi a ana anga,

Ndikudziwa kuti mwaona kale musanawerenge liwu ndi limodzi lomwe. Nkhuku ija yachoka papepala. Malembawa akunjenjemera pang'ono, ndipo ndapumira kangapo, koma ndi a dzanja lomwe lija linakulemberani kalata yoyamba muli mtsikana. Muli bwanji, mayi? Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno mawuwa alibe chobisika kumbuyo kwake.

Pa foni ndinangoti zatheka, inu n'kuyamba kulira, ndiye zotsalazo ndi izi.

Dokotala wa kampani ndi bambo wosalankhulalankhula. Anandipatsa kachipangizo kachitsulo kuti ndifinye, n'kuwerenga muvi wake. Anamwaza timapini patebulo kuti nditole ndi chala chimodzichimodzi pamodzi ndi chachikulu. Chamkombaphala chinatola. Chapakati chinagwetsa kamodzi, mtima wanga n'kugwa nako, koma chinatolanso. Chachitatu, chimene chinali chaulesi kuposa zonse, chinatola ngati chakhala chikudikira kufunsidwa. Kenako anandipatsa mulu wa mapepala kuti ndiuyalule ndi kuulinganiza monga timachitira tisanadule. Manja anakumbukira okha.

Atatha anatembenuza dzanja langa n'kukhudza nsonga zouma zija.

"Izi n'chiyani?"

"Gitala, adokotala."

"Ndinu amanzere?"

"Ayi, ndine wolakwitsa chabe."

Sanaseke, koma ndinaona masharubu akugwedezeka. Anati mphamvu sizinabwerere zonse, ndipo chala chapakati mwina sichidzafikanso pachikhatho. Koma anati pa ntchito yanga n'zokwanira, ndipo anasaina.

Lolemba a kapitawo anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tsache lija mwalizunza mokwanira." Bambo waulemu uja amusamutsira kumakina opinda mapepala, sanachotsedwe, ndipo zimenezi zandipeputsa mtima kwambiri. Sindikubisirani, pamene chopanira chinatsika koyamba pamaso panga, ndinabweza manja kutali kuposa mmene zimafunikira, ndinapuma, n'kudula. Mulu wachiwiri unali wosavuta.

Mayi wa mafizo ndinawapititsira uthenga, ndipo anati Lachiwiri likubwerali ndipitebe, koma ndi gitala, kuti odwala ena amve. Ndawachenjeza kuti ena akhoza kudwalirapo. A Wometa anandimeta ulere, akudandaula kuti ndawonongera mbiri ya shopu yawo. Mayi eninyumba akuti mphaka uja tsopano akhoza kukwatira. A Telala ndawalembera kuwauza zimene anachita osadziwa. Muone ngati mungapeze nsalu yabwino yoti tidzawatumizire.

Fizi ya teremu yomaliza ndatumiza. Mwana amalize mwamtendere. Mmisiri uja akadzabweranso, mumuuze akhome msomali wolimba pabalaza, pafupi ndi zenera, pamalo posafika dzuwa. Wa jekete ndi wina, asaphatikize; jekete yanga yavutika mokwanira.

Tchuthi andilola mu Disembala. Ndikadzafika, mudzatenge simbi ndi malaya anga onse, muzidzasita mukuimba nyimbo yanu ija, ine ndizidzakutsatirani pambuyo. Pamalo amodzi ndimachedwabe kusintha kiyi, ndiye mudzandidikire pang'ono, monga mwachitira chaka chonse chino. Ndipo mlendo wodziwa gitala akadzalowa n'kunena kuti bambo awa aigwira chafutambuyo, musadzatsutsane naye. Akunena zoona. Mudzangomuonetsa kalata ino.

Ndine wanu, ndi dzanja langa lamanja,
Bambo a ana anu